Chikombole chizisweka kaye pa kompyuta

Kuseri kwa msika waukulu wa Zomba, kumene nyundo zimayamba kulira dzuwa likangosuzumira cha ku Chilwa, kuli bambo ena amene akhala akundikonzera mbaula ndi ndowa kwa zaka zambiri. Dzina lawo ndilisunga. Chaka chatha mapewa anayamba kuwavuta, ndipo anaganiza zoleka kukhoma ndi dzanja mbale ya mbaula, ija ya timabowo yoikapo makala. Anati apange chikombole chachitsulo, azingoika lata pakati, n'kutsindira ndi jeke ya lole, mbale n'kutuluka yokha.

Nzeruyo inali yabwino. Anagula zitsulo ziwiri zochindikala kwa ogulitsa sikirapu, anakwera nazo minibasi mpaka ku Limbe, n'kukazisemetsa pa makina: china chachimuna cholowa, china chachikazi cholandira. Anawotcherera feremu yake. Tsiku loyesa ndinalipo. Lata loyamba linatuluka ndi makwinya m'mphepete monse ngati siketi ya yunifolomu. Anaikapo chogwira kuti lata lisamapindike, n'kumanga mabawuti zolimba. Lachiwiri linang'ambika pansi. Anabwereranso ku Limbe kukasalazitsa milomo ya chikombole. Ulendo wachitatu mbale inatuluka ndithu, koma itangochoka m'chikombole inayasamula pang'ono, osakhazikika mu mbaula. Ndalama zinathera pomwepo. Lero chikombolecho ndi mpando wa makasitomala, ndipo bambowo anabwerera ku nyundo yawo.

"Achimwene," anandiuza akupukuta thukuta, "chitsulo chili ndi mtima wake. Sichiuzidwa."

Bambo amenewa ndimawapatsa ulemu, koma apa ndikutsutsana nawo, ngakhale si iwo amene ndawakwiyira. Mtima wa chitsulo anthu anauwerenga kalekale. Makwinya aja, kung'ambika kuja ndi kuyasamula kuja, zonse zitatu zikanaoneka pa kompyuta chitsulo chisanadulidwe n'kamodzi komwe. Ndipo masamu amene ntchito yotereyi imatsamirapo amaphunzitsidwa pa yunivesite ku Chirunga, mtunda woyenda wapansi kuchokera pa mpando wa makasitomala uja.

Tiyeni tione chimene chinachitika m'chikombolemo, chifukwa si ufiti. Lata lophwatalala likamakankhidwira m'dzenje lozungulira, m'mphepete mwake mumayenera kufinyika, pakuti bwalo lalikulu likulowa m'bwalo laling'ono. Chitsulo chofinyikacho chikasowa kolowera chimapindika, ndiwo makwinya. Ukachigwira zolimba kuti chisapindike, chimaleka kutsetsereka, ndiye chimatanuka pamene chakhudzana ndi mlomo wa chachimuna, n'kumapyapyala mpaka kung'ambika. Pakati pa kulekerera ndi kufinya pali kampata kakang'ono, ndipo kampatako kamasintha malinga ndi kuchindikala kwa lata, mtundu wa chitsulo, kuzungulira kwa milomo ya chikombole, ngakhalenso mafuta amene wapaka. Amisiri a ntchitoyi amadziwa kuti lata lozungulira likakula kupitirira pafupifupi kawiri mulifupi mwa chachimuna, kulidinda ulendo umodzi n'kovuta, limafuna zikombole ziwiri kapena zitatu motsatizana. Kuyasamula kuja nako n'chibadwa cha chitsulo: ukachipinda n'kuchisiya chimabwerera pang'ono, choncho chikombole amachisema mopitiriza dala kuti chitsulo pobwerera chikaime pamene ukufuna. Vuto ndi kudziwa kuti upitirize pati. Wa nyundo amayankha ndi diso, akakhoma mopitiriza amabweza. Wa chikombole alibe mwayi umenewo, akasema wasema.

Kompyuta imatenga chithunzi cha latalo n'kuchigawa m'tizidutswa zikwizikwi, ngati maso a ukonde wa matemba, n'kumawerengera kachidutswa kalikonse kuti kakakankhidwa katanuka bwanji ndipo kakoka bwanji anzake oyandikana nako. Imatsitsa chikombole pang'onopang'ono, n'kumawerengeranso pa sitepe iliyonse. Njirayi akatswiri amaitcha finite element. Ikamaliza imakuonetsa pamene lata lapyapyala, pamene lachita makwinya, mphamvu imene jeke iyenera kukhala nayo, ndi pamene chikombole chenichenicho chingang'aluke. Zikalakwika umasintha nambala imodzi n'kuyesanso, osakweranso minibasi. Kusula chitsulo chamoto, monga khasu kapena nkhwangwa, nako chimodzimodzi: chitsulo chofiira pa madigiri opitirira 1,000 chimayenda m'chikombole ngati nsima m'chipande, ndipo kompyuta imasonyeza ngati chidzadze makona onse kapena chidzipinda chokha n'kusiya mng'alu wobisika umene mlimi adzaupeze khasu likadzathyoka pakati pa mzere.

Izi si zadzulo. Dzina la finite element analitchula Ray Clough wa ku Berkeley mu 1960. Mu 1973 Shiro Kobayashi, wa pa yunivesite yomweyo, pamodzi ndi mnzake C. H. Lee anaonetsa mmene njirayi ingawerengere chitsulo chimene chikuumbidwa. Mu 1976 John Hallquist analemba pulogalamu ya DYNA3D, kholo la LS-DYNA imene opanga galimoto amagwiritsa ntchito mpaka lero. Kampani ya AutoForm, ya mapulogalamu odindira malata, inayamba ku Zurich mu 1995. Kunja kuno n'zovuta kupeza chitseko cha galimoto yatsopano chimene chikombole chake chinasemedwa asanachiyese pa kompyuta. Tikunena luso la zaka 50, lamsinkhu umodzi ndi kusamuka kwa likulu kuchoka kuno kupita ku Lilongwe mu 1975.

Chimene chimandipweteka n'chakuti tinatembenuza zinthu. Timaganiza kuti kuyesera pa kompyuta ndi mwanaalirenji wa mayiko olemera, kuti ife osauka tiyenera kuyesa ndi manja. Koma ndani angakwanitse kuwononga chikombole? Kampani yaikulu yopanga galimoto ikhoza kutaya zikombole khumi osamva kuwawa, komabe siitaya. Mmisiri wa kuseri kwa msika, amene chikombole chimodzi ndicho mpamba wake wonse, ndiye amene tamusiya kuti aziphunzira mwa kuwononga chitsulo. Atalephera katatu sanayesenso kachinayi, ndipo anzake amene ankaonerera anaphunzira kuti makina ndi a amwenye ndi azungu. Phunziro limenelo ndi lodula kuposa zitsulo zimene zinaonongeka.

Zomba ndi tauni ya mapepala. Osindikiza a boma ali kuno. Nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko ili kuno. Owerengera chiwerengero cha anthu ali kuno, a MANEB ali kuno, ofufuza za miyala ya pansi pa nthaka nawo ali kuno. Chancellor College inasamukira kuno mu 1973, ndipo kuyambira 2021 ndiyo yatsala ndi dzina la University of Malawi. Chaka ndi chaka imatulutsa achinyamata odziwa masamu, fizikisi ndi kompyuta. Ambiri a iwo amapita kukagwira choko, kapena kukakhala pa kauntala ya banki, kapena kukalemba malipoti ku mabungwe. Sindikunyoza ntchito zimenezo. Ndikungofunsa kuti pa zaka zinayi zimene mnyamata amakhala ku Chirunga, akudutsa pa msika kukagula matemba ndi mbatata ya ku phiri, pali tsiku limene mphunzitsi wake anamutuma kuti akayeze lata la mbaula?

Wina ati uinjiniya suli kuno, uli ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo. Zoona. Koma Blantyre ali pa makilomita osakwana 70, ndipo fayilo ya pa kompyuta silipira minibasi. Komanso m'boma lomwe lino la Zomba muli Nasawa Technical College, kumene achinyamata amaphunzira ntchito zamanja. Zidutswa zonse zilipo: odziwa masamu, odziwa makina, odziwa moto ndi nyundo. Chosowa ndi munthu woti awakhazike pa benchi imodzi. Aliyense ali ndi bajeti yake, unduna wake ndi mwambo wake wa satifiketi.

Chochititsa manyazi n'chakuti chitsulo si chachilendo m'dera lino. David Livingstone, amene anafika ku nyanja ya Chilwa mu 1859, analemba za midzi ya Amang'anja imene inali ndi ng'anjo zake, owotcha makala ake ndi osula ake, anthu osula makasu, nkhwangwa ndi mikondo kuchokera ku miyala ya m'mapiri momwemu. Makolo athu sankagula khasu kunja, ankaligulitsa. Ndipo musati zimenezo n'zamakedzana. Mjigo wa Afridev, umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse, unachokera ku mjigo wa Maldev umene unayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Nzeru inabadwira kwathu, koma lero zipangizo zake zambiri zimachokera kunja, makamaka ku India. Kumeneko kuli anthu odziwa kupanga zikombole, kuno kuli makomiti a mjigo osonkhetsa ndalama zogulira sipeya.

Mu January 2021 tinakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, ndipo imodzi mwa nsanamira zake zitatu ndi mafakitale. Mawuwo ndi okoma, ndawamva pa wailesi mpaka kuloweza. Koma fakitale si nyumba yaitali ya malata yokhala ndi mlonda pageti. Mtima wa fakitale ya zitsulo ndi chikombole. Makina otsindira ukhoza kugula kamodzi n'kukhala nawo zaka 30, koma katundu aliyense watsopano, kaya ndi mbale ya wilibala, hinjesi ya chitseko, sefa ya chigayo kapena chivundikiro cha poto, amafuna chikombole chake, ndipo chikombolecho chimatha. Dziko losadziwa kupanga zikombole limangobwereka mafakitale. Makampani athu opinda malata ofolera amaitanitsa chitsulo m'mikukutu kuchokera kunja n'kuchidutsitsa m'magudumu amene nawonso anachokera kunja. Agrimal ku Blantyre yakhala ikutipangira makasu kwa zaka zambiri, ndipo tiyenera kuiyamikira, koma dziko lonse silingatsamire pa makampani owerengeka ndi zala. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kugwa kulikonse kunakweza mtengo wa chikombole chochokera ku Johannesburg kapena ku Mumbai, ndipo kunakwezanso mtengo wa chitsulo choonongeka poyesa. Ola limodzi la laputopu silinakwere chotero.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindiwathawa. Yoyamba ndi yakuti mapulogalamuwa ndi odula. N'zoona, ziphaso za DEFORM kapena AutoForm si za mmisiri wa ku Chinamwali. Koma alipo aulere. Kampani ya magetsi ya ku France, EDF, inatsegula pulogalamu yake ya Code_Aster kwa aliyense mu 2001. CalculiX, imene analemba Guido Dhondt ndi Klaus Wittig ku Germany, ndi yaulere, ndipo imalumikizana ndi FreeCAD yojambulira. Mu 2022 kampani ya Altair inatulutsa OpenRadioss, yotha kuwerengera kudinda malata. Aulerewa ndi ouma mutu, amafuna munthu wodziwadi masamu osati wongodinadina mabatani. Ndiye bwanji? Si zimenezo zimene timatumizira ana ku yunivesite?

Ena amati msika wathu ndi wochepa, katundu wa ku China ndi wotchipa, tingopikisana naye pachabe. Pa zinthu zina akunena zoona, ndipo sindikufuna kuti tiziumba masupuni chifukwa chonyadira mbendera. Koma kuchepa kwa msika ndiye chifukwa chenicheni choyesera pa kompyuta. Wopanga katundu miliyoni amagawa mtengo wa chikombole cholakwika pa katundu miliyoni, osaumva. Wopanga mbale 500 alibe pobisala, ayenera kulondola ulendo woyamba. Ndipo pali katundu amene kutali kwa doko kumatiteteza: zinthu zazikulu koma zopepuka, zodya malo m'kontena, monga mbale za wilibala, ndowa ndi mbaula, ndi masipeya a makina akale amene kunja analeka kupanga koma kuno akugayabe chimanga ku Jali ndi ku Thondwe. Za magetsi othimathima ndingoti laputopu ili ndi batire, makina osemera chitsulo alibe. Magetsi akakhala osowa, m'pamene uyenera kusema kamodzi.

Tsopano ndiwatembenukire anzanga ophunzira, chifukwa pa iwo ndiye pali ngozi yaikulu. Kompyuta imatulutsa zithunzi zokongola, zofiira, zachikasu ndi zobiriwira ngati chitenje, ndipo munthu wosadziwa amagwa nazo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu imangobweza zimene waidyetsa. Ukaiuza kuti lata lako ndi chitsulo chofewa cha m'buku pamene mmisiri wadula pa diramu ya mafuta kapena pa bodi ya basi yakufa, chithunzicho n'chabodza ngakhale chikongole bwanji. Amisiri athu ambiri amagwiritsa ntchito sikirapu. Wosula nkhwangwa amafuna sipuling'i ya galimoto chifukwa amadziwa kuti imalimba, koma palibe anamuyezera kuti imalimba motani, imatanuka mpaka pati isanaduke. Ngakhale lata latsopano la m'sitolo, geji yolembedwa ndi geji yeniyeni nthawi zina sizigwirizana, amene anafolerapo nyumba akudziwa.

Choncho choyamba kugula si kompyuta yamphamvu. Ndi kuyeza. Kadule kachidutswa ka diramu, ka sipuling'i, ka lata la geji 28, ukakoke pa makina mpaka kaduke, ulembe manambala. Makina okokera chitsulo ndi chida cha m'kalasi iliyonse ya uinjiniya, ndipo Malawi Bureau of Standards, imene ilipo kuyambira 1972, ntchito yake ndi kuyeza. Pakhale kabuku ka zitsulo zimene amisiri a ku Malawi amagwiradi, kopezeka kwa aliyense. Ndi ntchito yosatchuka, yopanda riboni yodula, palibe nduna ingabwere kudzaitsegulira. Mwina n'chifukwa chake sitiichita.

Ndikudziwa mmene nkhani ngati iyi imathera kwathu kuno. Wina aiwerenga, alemba pulojekiti, apeza wothandiza, ndipo pakhala msonkhano wa masiku atatu ku Mangochi wokambirana za luso lamakono m'mafakitale. Padzakhala zikwama zolembedwa, mabotolo a madzi ndi alawansi. Mmisiri wa mbaula sadzaitanidwa, ndipo akanaitanidwa sakanasiya benchi yake masiku atatu. Kenako padzagulidwa makompyuta 20, adzatsekeredwa m'chipinda, kiyi adzakhala ndi munthu amene ali ku tchuthi. Ngati zingathere pamenepo, bola nyundo.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono mochititsa manyazi. Wophunzira wa chaka chomaliza amalemba kale pulojekiti, ndi lamulo. M'malo mowerengera mtanda wa m'buku umene ophunzira a dziko lonse lapansi anauwerengera kale, apatsidwe mmisiri mmodzi ndi vuto limodzi: mbale ya mbaula, hinjesi, chogwirira ndowa. Wa masamu wa ku Chirunga agwirizane ndi wa uinjiniya wa ku MUBAS kapena MUST, chikombole chikasemedwe ndi wa ku Nasawa. Mamalikisi asaperekedwe pa kukongola kwa lipoti, aperekedwe pa benchi: kodi lata latuluka monga kompyuta inalosera? Ngati ayi, wophunzirayo afotokoze chifukwa chake, mmisiri ali pomwepo. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo imalandira ndalama zochokera kwa olemba anthu ntchito, ilipire chitsulo ndi thiransipoti. Chikombole chikatheka, chojambula chake chisabisidwe m'laibulale, chiperekedwe kwa mmisiri wina aliyense wochifuna, ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Mzuzu.

Ndipo ophunzirawo asapite ku msika ngati amishonale. Mmisiri uja amadziwa zinthu zimene pulogalamu sidziwa: kuti lata la diramu limavuta mbali imodzi kuposa inzake, kuti mayi wogula mbaula amayang'ana kulemera kwake asanafunse mtengo, kuti mbale yopyapyala kwambiri imapsa ndi makala mvula isanathe. Kompyuta ikhoza kukuuza kuti mbale siing'ambika m'chikombole, koma singakuuze ngati ingagulidwe. Zimenezo amadziwa ndi mwini benchi, ndipo ayenera kulipidwa pophunzitsa, monga mmene mphunzitsi wa ku yunivesite amalipidwira.

Sabata yatha ndinadutsanso kuseri kwa msika kukatenga ndowa yanga. Ndinakhala pa chikombole chija, chikuzizira m'matako, n'kuwafotokozera bambowo zonsezi, za ukonde wa tizidutswa ndi za ana a ku Chirunga. Anamvetsera osaleka kukhoma. Nditamaliza anaika nyundo pansi n'kundifunsa ngati mwana wa laputopuyo angathe kuwauza kuti milomo ya chikombole aisalaze pati. Ndinati angathe, akayamba wayeza lata lawo.

"Ndiye abwere," anatero. "Koma abwere ndi ovolosi, ndipo Lachisanu asabwere, kumakhala makasitomala."